Chikalata cha Nyumba ya a Positi

A Pensulo anawamanga Loweruka masana, utuchi udakali m'tsitsi. Ine ndinali pakhonde langa, pa makina, ndikupinda siketi ya mwana wasukulu, pamene galimoto ya apolisi inaima pageti la a Positi, tsidya lina la msewu. A Pensulo sanalimbane nawo. Anatsika pamakwerero, anapukuta manja pa ovolosi, anachotsa pensulo imene imakhala pakhutu pawo nthawi zonse n'kuiika pawindo, ngati munthu woti abwerako posachedwa.

Galimoto itachoka, mwana wamkazi wa a Positi, amene tonse mumsewu muno timangomutcha Nesi, anawoloka n'kudzaima patsogolo pa makina anga.

"Amayi, mwatigwetsa m'mavuto," anatero. "Munthu wanu uja waba chikalata cha nyumba."

Munthu wanga. Mawuwo anandilasa chifukwa anali oona. Ndine telala, ndipo pakhonde limeneli ndakhalapo zaka makumi awiri ndi zitatu. Munthu wokhala pakhonde tsiku lonse amadziwa mmisiri amene amalawirira ndi amene amafika ali ndi matsire. Amadziwa amene amamaliza ntchito ndi amene amasiya denga lili pululu n'kuzimitsa foni. Choncho aliyense wofuna wokonza mipope, womanga mpanda kapena wokhoma malata amayamba wadzera kwa ine. Sindilandirapo kanthu. Changa n'chakuti ndikanena, anthu amamva.

A Positi anali mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Ananyamula makalata mpaka miyendo itayamba kukana, ndipo dzinalo linawakanirira. Akazi awo anali atatsogola, iwo n'kumakhala okha. Nesi atatenga tchuthi n'kubwera kudzandiuza kuti chiswe chadya mapaso ndipo siling'i yayamba kulendewera, sindinaganize kawiri. Ndinati, "Tenga a Pensulo. Amachedwa, koma msomali akaukhoma sudzauonanso utasuzumira."

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kugolosale. Mayi wina amene ndinamusokera diresi laukwati anadutsa pakhonde langa n'kuima.

"A Telala, mukadzapezanso wina ngati ameneyu mudzatiuziretu, tigule maloko."

Anaseka. Anzake awiri anaseka naye.

* * *

Lamulungu m'mawa ndinaphimba makina n'kuwoloka msewu. Kunena zoona, sindinkaganiza kwambiri za a Pensulo. Ndinkaganiza za dzina langa.

Nesi ndinamupeza kukhitchini akusanja mankhwala a bambo ake. Mwana ameneyu yunifomu yake yoyamba ndinasoka ndine, ndiye sakanandikaniza kulowa.

"Chikalatacho unachiona liti komaliza?" ndinafunsa.

"Lachiwiri. Ndinapempha kiyi kwa ababa, ndinachitulutsa m'bokosi lachitsulo lija la kunsi kwa bedi, ndinachijambula pafoni, n'kuchibwezera. Ndinakhoma ndekha."

"Unkachijambuliranji?"

Anatseka kabotolo mwamphamvu kuposa mmene kankafunira. "Achimwene ankachifuna."

"Loko anathyola?"

"Ayi, ali bwinobwino."

"Nanga kiyi amakhala kuti?"

"Pakhosi pa ababa, pachingwe. Koma amayi, ababa masana amagona tulo tofa nato, munthu atha kuwavula malaya osamva. Ndipo kuchipindako ankalowa munthu mmodzi yekha, wa siling'i. Lachitatu anali momwemo, Lachinayi momwemo. Wamipope analiponso, koma ankangothera kubafa."

"Iwe unali kuti?"

"Lachitatu ndinalipo, ndimalowa n'kutuluka. Lachinayi anandiitana kuntchito tsiku lonse."

"Eni ake akuti bwanji?"

Nesi anatsitsa mawu. "Titatsegula bokosi dzulo ndi achimwene n'kupeza mulibe, ababa anangoti, 'Kaya, ana inu, mwina chinamera miyendo.' Sakuona kukula kwa nkhaniyi. Achimwene anawatengera kokayezetsa magazi, apolisi anabwera iwo kulibe. Tawauza kuti kalipentala wapita kumaliro. Mtima wawo suli bwino, amayi. Chonde musakawasokoneze."

Ndinagwedeza mutu movomera.

Potuluka ndinadutsa pachipinda cha a Positi. Wailesi inkalira chapansipansi. Mphepo inakankha chitseko, chinatseguka pang'ono, ndipo ndinaona mapazi awo pabedi. Ndinaima kamphindi. Panali china chake chosiyana ndi kale pamenepo, koma mutu wanga sunachigwire.

Nesi ananditsatira mpaka pageti.

"Musavutike n'kumuikira kumbuyo, amayi. Apolisi atamufunsa ngati anachiona chikalatacho, sanakane."

* * *

Sajeni ndimamudziwa bwino, chifukwa chaka chilichonse amabweretsa mathalauza kuti ndiwonjezere m'chiuno, ndipo chaka chilichonse amati ochapa ndi amene akuwafinya. Kupolisi ndinamupeza akutikita maso ngati munthu amene watopa ndi funso limodzi.

"Mayi, munthu wanu ndi wovuta," anatero. "Ndikafunsa kuti unaba, akuti sindinabe. Ndikafunsa kuti unachiona, akuyang'ana kumwamba n'kundiuza kuti denga lathu likufunika kukonza. Tafufuza kunyumba kwake, tafufuza m'bokosi lake la zida. Palibe. Koma wakuba amakana zonse. Uyu akukana theka, ndiye sindingamutulutse."

Anandipatsa mphindi zisanu. A Pensulo anabwera opanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linkapita kukhutu n'kubwerako lopanda kanthu.

"A Pensulo, panyumba paja ndinakubweretsani ndine. Ndiuzeni ine."

"Ndikudziwa, achemwali. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda. Munachitenga?"

"Chibadwire sindinabepo cha munthu."

"Ndiye chili kuti?"

Anakokera thalauza m'mwamba. Kenako anafunsa, "A Positi ali bwanji? Akudziwa kuti ndili kuno?"

"Zimenezo zisiyeni, yankhani zomwe ndafunsa."

"Mukawaona muwapatse moni wanga. Muwauze kumene ndili."

"Anthu akundiseka mumsewu, inu mukunditumiza moni?"

"Muwauze kumene ndili, achemwali. Basi."

Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu wogwidwa. Ndinatuluka nditakwiya kuposa mmene ndinalowera.

Panja pageti panali mkazi wawo, atanyamula chakudya m'kabakuli kokutira ndi nsalu. Ndi mayi wosachedwa kulankhula, ndipo tsikulo sanandipatse n'komwe moni.

"Ntchito zanu zija ndi zimenezi," anatero. "Bambo ake anawa akanakhala wakuba, bwenzi ine ndikukhala m'nyumba yopanda kabati? Zaka zitatu akundilonjeza. Thabwa lopyapyala lija anasunga kuti adzapangire kabati yangayo, Lachinayi m'mawa anamangirira panjinga n'kupita nalo kwa a Positi anuwo. Wakuba amachotsa kwawo n'kupititsa kwa eni?"

"Anati n'lachiyani?"

"Amandiuza ine? Lachitatu atabwera nsima anaikana. Kenako anakhuthula makadi a ana a kuchipatala pabedi n'kutenga kapepala kapulasitiki komwe ndimasungiramo. Ndikufunsa, akuti mawa ndikugulira kena. Mpaka lero makadi ali pamtetete."

Anapitirira kulowa, ine n'kutsala ndili chiimire. Thabwa lopyapyala silimanga denga. Ndipo siling'i sikulungidwa m'pulasitiki.

* * *

Wamipope ndinamupeza Lolemba m'mawa kuseri kwa nyumba ina, ali m'ngalande mpaka m'mawondo. Uyunso ndinamutumiza ndine kwa a Positi. Ntchito amaidziwa, koma pakamwa pake palibe mpopi wotseka.

"Amayi, ine musandilowetsemo," anayamba ndisanafunse. "Ine ndi bafa, bafa ndi ine. Bokosi lawo sindinalione, bedi lawo sindilidziwa, ndipo mapepala ndimadana nawo kuyambira kusukulu."

"Sindinati waba. Ndikufuna zimene unaona."

"Kuona ndiye ndinaona. Munthu akakhala pansi pa sinki anthu amamuiwala, amangoona miyendo." Anatuluka m'ngalandemo n'kukhala pachidebe. "Lachiwiri masana kunabwera bwana wina wa nsapato zosongoka, ndi mchimwene wake wa Nesi uja. Galimoto anaisiya kumsewu wakuseri, n'chifukwa chake inu simunaione. Nesi anawaonetsa chinachake pafoni. Kenako bwanayo anayamba kuyeza malo ndi mapazi, uku ndi uku, mpaka anandifunsa ine ngati madzi amatuluka mwamphamvu masana. Mwandimva? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, amayi. Nyumba ija tikuidzoza mafuta kuti igulitsidwe."

"A Positi anamva?"

"Amalankhulira pansi pa windo lawo lenileni, lili lotsegula. Amati madala ali mtulo. Ine nditalowa kukatenga sipanala, wailesi inali yozimitsa. Madala aja ndi liti anazimitsapo wailesi masana?"

"Nanga Lachinayi?"

"Lachinayi ndiye kunali sewero. Ndikutuluka kuseri, ndikupeza a Pensulo achotsa chitseko cha kuchipinda, achigoneka pa mipando iwiri. Madala akhala pambali, timisomali tili m'dzanja, akuwapatsira kamodzikamodzi ngati akudyetsa nkhunda. Ndikuti, kodi chitsekochi chinalinso pa ntchito? A Pensulo akungokhoma. Madala akuti, 'Mphwanga, takandigulire mabatire a wailesi.' Wailesi ikulira bwinobwino, amayi, mpaka mpira ukumveka. Ndinapita, nanga n'kukana? Pobwera ndinapeza chitseko chabwerera pamalo pake, fungo la utoto lili guu."

"Apolisi unawauza zimenezi?"

"Anandifunsa ngati ndinalowa kuchipinda, ndinati ayi. Za chitseko sanafunse."

Pamenepo m'pamene ndinagwira chomwe chinandivuta dzulo lake. Chitseko cha a Positi chinkalira. Zaka zonsezi chinkakhula pansi n'kulira ngati mwana wa mbuzi, moti ndili pakhonde langa ndinkadziwa kuti adzuka. Lamulungu mphepo inachikankha, chinatseguka osamveka.

Ndinakumbukiranso china. Chaka chimene akazi awo anamwalira, a Positi anadwala kwambiri, n'kuganiza kuti nawonso akupita. Anandiuza okha, atakhala pabenchi langa, kuti nyumba aisinthira m'maina a ana kuti pasadzakhale mikangano. Pepalalo anapitiriza kusunga iwo, koma nyumba sinalinso yawo. Ana akanatha kuigulitsa osapempha chala chawo. Chomwe ankafunika chinali chikalata chokha.

Wakuba ndinali nditamupeza. Anali atagona pabedi lake, kiyi ali pakhosi.

* * *

Apa m'pamene ndinayenera kudekha. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwo ndawauzapo anthu ambiri pakhonde langa.

Lolemba lonse masana ndinakhala pa makina osasoka kanthu. Windo la a Positi ndinkaliona, katani yake ikugwedezeka. Nesi anatuluka kupita kumsika ndi dengu, ndipo anakhalako nthawi yokwanira kuti munthu awoloke msewu, agogode pawindo, anene mawu khumi n'kubwerera. Ndinadziuza kuti ndinalonjeza kusawasokoneza. Ndinadziuza kuti mtima wawo ndi wofooka. Koma pansi pa zonsezo panali china. Nkhani ikanathera m'chipinda mwakachetechete, mumsewu akanangomva kuti kalipentala watulutsidwa, osadziwa kuti ndani anali wolondola.

Lachiwiri m'mawa kunabwera mtsikana wina kudzatenga nsalu ya amayi ake yomwe anasiya sabata yatha.

"Sindinaisoke," ndinatero.

"Akuti ndingoitenga choncho."

Ndinamupatsa. Ndinavala nsapato, ndipo sindinawoloke msewu. Ndinapita kwa Sajeni.

* * *

Tinalowa atatu, ine, Sajeni ndi Nesi. A Positi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ataona yunifomu anazimitsa wailesi.

"Kwagwanji?" anafunsa.

Ndinakoka chitseko kuti tione mbali imene imabisika kukhoma chikatseguka. Chinali chitseko chakale cha matabwa olemera. Theka lake lam'munsi linali litakutidwa ndi thabwa lopyapyala, lopakidwa utoto wofanana ndi wakale, koma ukununkhabe. Timisomali tinali pamzere wowongoka ngati msoko wa makina.

"Apa," ndinatero, mawu anga atakwera kuposa mmene ndinkafunira. Geti tinalisiya lotsegula, ndipo ndinkadziwa kuti pabwalo paima anthu. "Kanganulani apa, a Sajeni. Ndipo mudziwe kuti ine sindibweretsa akuba m'nyumba za anthu."

Sajeni anatenga tchizulo m'bokosi la zida la a Pensulo, lomwe linali likadali pakhonde.

"Musawononge chitseko changa," anatero a Positi. Sanakweze mawu. "Chilimo. Ndinaikamo ndine. Kalipentala ndinachita kumupempha, akabwera kumaliro adzakuuzani."

Sajeni anaima tchizulo ili m'manja. "Maliro ati, bambo? Munthuyo ali kwathu kuyambira Loweruka. Wamangidwa chifukwa cha pepala lomweli."

A Positi anayang'ana Sajeni, kenako Nesi.

"Kuyambira Loweruka. Akugona pansi?"

"Pansi, bambo."

"Ndipo sananene?"

"Ngakhale liwu limodzi."

Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Sajeni analowetsa tchizulo, thabwa linang'ambika, ndipo chikalata chinagwera pansi chili m'kapepala kapulasitiki. Nesi anachitola, koma sanachiyang'ane n'komwe.

"Ababa, bwanji simunanene?"

"Iwe unanena? Munthu anabwera kudzayeza malo ano ndi mapazi, ine ndili chigonere pano, windo lili lotsegula. Unandiuza?"

Nesi anakhala pansi pomwepo, pasimenti. "Mwagwa kawiri chaka chino, ababa. Kachiwiri munagona m'bafa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ine ndili ndi odwala kuntchito, foni yanu ikungoitana. Ndikanatani? Timafuna zonse zitheke kaye ndiye tikuuzeni, mukakhale kwa achimwene komwe kuli anthu tsiku lonse."

"Sindinati walakwa, mwana wanga. Mwina wakhoza. Ine ndimangofuna chaka chimodzi china. Pepala latsopano limatenga nthawi kuti lituluke, wogula akanatopa." Anapukuta maso ndi mkono wa jekete. "Amayi ako anamwalirira pabedi ili. Ndimaganiza kuti nanenso andinyamulira pompano."

Sajeni anatsokomola n'kunena kuti akupita kukatulutsa munthu. Ine ndinafuna kutuluka naye, koma a Positi anandiitana.

"A Telala, mwadziwa liti?"

"Dzulo m'mawa, bambo."

"Dzulo m'mawa." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pakati pa khonde lanu ndi windo langa pali msewu wokha, mwananga. Mukanandinong'oneza, ndikanaitana a Sajeni ndekha n'kuwauza kuti pepala ndinasuntha ndine, munthu wosalakwa atuluke. Akanagona kwawo dzulo. Kumene ndinaika ndikanati ndaiwala. Nkhalamba imaloledwa kuiwala."

Potuluka, mayi wa diresi laukwati uja anali pageti ndi anzake.

"Koma a Telala ndinu apolisi enieni," anatero.

Ndinadutsa osamuyang'ana.

* * *

A Pensulo anatuluka masana omwewo. Lachitatu m'mawa anabwera kudzatenga zida zawo. Nesi anawagwadira pakhonde, akulira, ndipo iwo anamuuza kuti adzuke, zatha. Denga sanalimalize, chifukwa mchimwene wake wa Nesi anaimba foni kuti wogula wavomera kutenga nyumbayo mmene ilili. Koma popanda wowatuma anachotsa thabwa long'ambika lija, anazula timisomali tonse, anatseka timabowo n'kupakanso utoto. Kenako anakhala ndi a Positi m'chipinda nthawi yaitali, chitseko chili chotseka.

Akukankha njinga yawo pobwerera, ndinawaimitsa.

"A Pensulo, ndikhululukireni."

"Kutuluka ndatuluka, achemwali, ndipo ndikuthokoza."

"Mukanangondiuza poyera."

"Pamaso pa wapolisi? Ndinalonjeza munthu. Ndinakutumani kawiri."

"Sindinamve."

Anakonza chingwe chomangira bokosi, ngakhale chinali cholimba kale. "Munamva. Koma munali ndi mlandu wanu." Anagwira chiwongolero cha njinga. "Masiku ena awiri ndikanapirira. Chomwe chikundiwawa n'chakuti lonjezo langa alikanganula ndi tchizulo yanga yomwe."

Anakwera njinga n'kumapita. Mkazi wawo anandiuza patapita masiku kuti anthu awiri amene anawalonjeza ntchito anasintha maganizo. Anthu amakumbukira galimoto imene inakutenga, saona miyendo imene unabwerera.

* * *

A Positi anasamuka patatha milungu itatu. Katundu wawo sanadzaze n'komwe theka la lole. Nesi anawamangira lamba pampando wakutsogolo, wailesi ili pamiyendo. Galimoto isananyamuke anatsitsa galasi n'kundikodola.

Ndinkaganiza kuti andidzudzulanso, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anati, "Mbali ya kukhitchini kwatsala mapaso atatu osasintha. Eni ake atsopanowo muwauze asaike matabwa aawisi, amapindika. Atenge a Pensulo amalize. Mvula ili pafupi, ndipo nyumba ija sinazolowere kudontha."

"Ndiwauza, bambo."

Ndinawauzadi. Bwana wa nsapato zosongoka anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati nyumbayo saikonza, aigwetsa kuti amangepo zipinda za lendi. Sabata yomweyo anyamata ake anayamba kuzula malata. Ndinatembenuza makina anga kuti ndiziyang'ana kukhoma.

A Positi amandiimbira foni Lamulungu masana. Amafunsa za anthu a mumsewu mmodzimmodzi, nyumba ndi nyumba, motsatira mzere umene ankayenda ndi makalata. Kumeneko akuti akusamalidwa bwino, kungoti zidzukulu zimachepetsa wailesi. Nesi anandipempha kuti za kugwetsazo ndisanene, ndipo ulendo uno ndinaganiza kaye ndisanavomere.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, yamphamvu, yotsuka fumbi lonse mumsewu. Tsikulo sanadikire Lamulungu.

"Kwanunso yagwa?" anafunsa.

"Yagwa, bambo. Ikadagwabe."

"Nanga kwathu? Kukhitchini sikukudontha?"

Ndinatembenuka pampando. Tsidya lina panali mulu wa njerwa zosweka, ndipo madzi ankayenda pasimenti pomwe panali chipinda chawo.

"Sikukudontha, bambo. Anakhoma bwino."

Ndinawamva akupuma mwakuya.

"Chabwino," anatero. "Munthu uja amaidziwa ntchito."